Munda wa M'matumba wa Anambewe

Mawa chikwana chaka chimwalirireni Anambewe. Mwana wawo Fatsani waimba foni kuti abwera ndi anthu a kumpingo kudzachita mapemphero pa puloti pano, ndipo ndikudziwa kale zimene zidzayankhulidwe: kuti anali mayi wopemphera, wodana ndi miseche, wosaona mlendo n'kubisa mbale. Zambiri mwa izo n'zoona, ngakhale za misechezo ndingatsutseko pang'ono. Koma palibe amene adzatchule mbatatesi, ndipo munthu wosadziwa za mbatatesi ija sanawadziwe Anambewe. Ine ndilemba za iyo, chifukwa ndinakhala nawo moyandikana makomo zaka khumi ndi chimodzi, komanso chifukwa pa nkhani imeneyi ndili ndi mlandu.

Mbatatesi yake sinali iyi ya pamsika, yaikulu ngati chibakera, imene anyamata a pachiwaya amalimbirana. Inali yaing'ono, yofiira kunja, yachikasu m'kati, ya maso olowa kwambiri moti poisenda munthu ankatha kutukwana. Kwawo kumapiri a ku Dedza ankaitchula kuti Kafiira. Anambewe anachoka nayo kumudzi ali mtsikana, pobwera ku banja m'tauni muno, mayi awo atawamangira zingapo pakansalu. Kuyambira pamenepo ankaidzala kawiri pachaka, kusunga mbewu, kudzala, kusunganso, osadumphitsa. Zaka zoposa makumi anayi mbewu imodzimodziyo inayenda nawo m'nyumba za lendi za ku Biwi, ku Kawale, mpaka kuno ku Area 23. Munda analibe. Mu Lilongwe monse muno analibe ngakhale kamalo kawokawo kokwana kukhazikapo mpando.

Tsiku limene anasamukira kuno ndinali pakhonde ndikuchapa. Tinamva kalole kakubuula pa msewu wathu wa maenjewu, ndipo titadzutsa mitu tinaona munda ukubwera. Kumbuyo kwa galimoto kunali matumba, ndowa zobooka ndi zigubu zodula pakamwa, zonse zodzaza dothi, m'menemo muli mbewu zili biriwiri, zina zitachita maluwa. Pakati pa zonsezo panakhala mayi wochepa thupi, wa duku lofiirira, atagwira ambulera. Ambulerayo sanadzitchinge nayo iwo ayi. Anatchingira mbewu za mbali imene kunali dzuwa, eni ake thukuta lili kamukamu.

Kutsogolo kunatsika mwamuna wa nkhope yokwinya, amene pambuyo pake tinadziwa kuti ndiye Fatsani. Katundu wa m'nyumba amene anatsitsa anali bedi lomasula, mphasa, mapoto ndi chikwama chimodzi. Ife a pa puloti tinayang'anana, tikuganiza kuti kwabwera mayi wosauka zedi, kapena wozungulira mutu pang'ono.

Nkhani yonse anadzandiuza ndi Fatsani yemweyo patapita zaka, akuseka, ngakhale tsikulo sankaseka. Mwini galimoto anali atanena kuti ayenda ulendo umodzi wokha, chifukwa masana ankapita kwina. Fatsani anayamba kukweza sofa ndi kabati ya magalasi imene malemu bambo ake anagula adakali pa ntchito. Potembenuka anapeza mayi ake atakhala pansi pakati pa matumba, miyendo atatambasula.

"Amayi, dzukani. Zimenezi tidzazibwerera Loweruka."

"Kabatiyo ndiye udzaibwerere Loweruka. Kabati simwa madzi."

"Anthu akuona, amayi. Mukufuna azinena kuti ndinasiya katundu wa bambo panja n'kunyamula dothi?"

"Anene. Bambo ako kabatiyo anagula kusitolo, ndipo sitoloyo ikadalipo. Izi ukazipha ukazigula kuti?"

Fatsani anatsitsa sofa. Kabati ija inakakhala kwa achibale ena ku Kawale komweko, ndipo mpaka lero sinafike kuno.

Eni puloti anawalola kuika matumba awo kuseri kwa nyumba, m'kampata ka pakati pa khoma ndi mpanda, kumene dzuwa la m'mawa limafika koma la masana silikhalitsa. Thumba lililonse ankaliboola kunsi ndi msomali wotentha, n'kulikhazika pa njerwa zitatu kuti madzi azitsika. Ankalipinda m'mphepete mpaka lifupike ngati beseni, kuthiramo dothi losakaniza ndi manyowa, kenako kuikamo mbewu zitatu, maso kuyang'ana kumwamba. Mbewu ikamakula iwo ankafutukula thumba pang'onopang'ono n'kumawonjezera dothi, kusiya nsonga zokha, mpaka thumba lidzaze. Ankati mbatatesi imabereka mumdima, ndipo ukaiona yasuzumira panja ndiye kuti mlimi wagona.

Dothilo sankakumba pa puloti. Ankakalitenga kudambo ndi ndowa, pamutu, mtunda woti ineyo, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zambiri, ndinkaudandaula. Nditawafunsa chimene ankavutikira chonchi dothi lili pakhomo pomwe, anangoti dothi la pakhomo lili ndi mwini wake.

Koma mtima wawo wonse unali pa manyowa. Pakona pa mpanda panali mulu wa zitosi za nkhuku, masamba ouma, phulusa ndi zinyalala za kukhitchini, wofunditsidwa ndi masaka akale. Sabata iliyonse ankautembenuza ndi khasu n'kuwazako madzi. Akafuna kudziwa ngati manyowa awolerana, ankapinda mkono wa bulauzi n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Akamva kutentha ankapukusa mutu n'kufunditsanso. Manyowa okonzeka, ankatero, ndi ozizira, ofumbutuka m'manja, ndipo amanunkhira ngati mvula yoyamba. Osafika pamenepo ndi moto chabe. Ndinawaonapo akuchokera kutchalitchi, yunifolomu yoyera ili m'thupi, n'kudutsira kaye pamulu paja kukapisa dzanja asanalowe m'nyumba.

Zitosi zija zinkachokera kuseri kwa mpanda, kwa a Msiska. A Msiska ndi mphunzitsi wopuma ntchito, kwawo ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale popita kukhola la nkhuku zake amavala malaya opisira. Loweruka lililonse m'mawa ankasesa kholalo, kuika zitosi m'thumba n'kulikweza pampanda. Anambewe ankalitsitsira mbali yawo. Ndiye kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu a Msiska ankadandaula za fungo.

"Mama Nambewe, kodi mwaganiza zotisamutsa? Dzulo ndatsegula Baibulo, namonso mukununkha."

"Aphunzitsi, fungolo ndi la kwanu komweko. Langobwera kudzakuzondani."

"Anthu ophunzira anapanga feteleza, mama. Wosanunkha. Kasupuni kamodzi basi."

"Anthu ophunzirawo adzale zawo."

Ankatsutsana pa chilichonse. A Msiska ankati mbatatesi ndi mbewu ya kumapiri, ku Lilongwe n'kotentha, ndipo zimene Anambewe ankachita zinali zosemphana ndi mabuku. Anambewe ankati feteleza m'thumba amangokuza masamba n'kusiya dothi louma ngati simenti, ndipo iwo sanabwere m'tauni kudzalima masamba. Pokolola, mbale yoyamba ya Kafiira wowiritsa inkadutsa pampanda. Inkabwerera ndi mazira, pamodzi ndi uthenga wakuti mchere unachepa. Katatu konse Anambewe anawapatsa mbewu kuti adzaleko, katatu konse a Msiska anakana, amvekere iwo sanaphunzitse ana zaka zonse zija kuti adzamalizire kulima m'thumba.

Mkangano weniweni unabuka chaka china nkhuku zitalumpha mpanda n'kufukula matumba anayi ongodzala kumene. Anambewe sanakuwe. Anagwira tambala wa a Msiska, kum'manga mwendo pa mzati wa khonde lawo, n'kukhala pambali pake akusoka, tsiku lonse, poti aliyense wodutsa aone. A Msiska anabwera atavala jekete kudzapempha mkaidi wawo, ndipo mawu amene anagwa pamenepo sindingawalembe poti onse awiri anali anthu a mpingo. Mwezi wathunthu sanapatsane moni. Komabe Loweruka lililonse thumba linkapezeka pampanda, ndipo pofika masana linkakhala litatsitsidwa.

Za miseche ndanena kuti ndingatsutseko. Anambewe sankayenda m'makomo, n'zoona, koma kuseri kuja ankakhalako maola ambiri, atawerama, akutola tizilombo pamasamba ndi kuthothola tsamba lililonse loyamba mawanga a chiwawu. Munthu wowerama pakati pa matumba saoneka, ndipo mipanda ya kuno ndi yaifupi. Ankadziwa banja limene ladzuka losayankhulana, mwana amene wabwezedwa kusukulu, ndi bambo amene ntchito inatha koma akuvalabe tayi m'mawa. Sankaulutsa. Ankangonditchulira ine pang'ono, ndi mawu owonjezera ndithu, kenako madzulo unkaona kambale ka Kafiira kakulowera khomo lomwelo. Madzi akasowa m'mipopi masiku atatu ankaima pamzere kukiyosiki ngati tonsefe, koma chigubu choyamba chinkapita kumatumba. Ankati munthu waludzu angathe kupempha, mbewu singathe.

Tsiku lokolola linali ngati la mwambo. Khasu silinkaloledwa. Ankayala lona pansi, kugwetsa thumba, n'kumafufuza dothi ndi zala. Akatha ankalisefanso pa sefa ya waya, kuti ngakhale kambatatesi kochepa ngati njere ya mtedza katuluke. Tisanalawe ndi imodzi yomwe, ankayamba asankha mbewu: zazikulu ngati dzira, zochokera m'matumba amene anawamanga kansanza pa nthawi ya maluwa posonyeza kuti mbewu zake zinali zathanzi. Zimenezo zinkalowa m'dengu, dengu n'kulowa kunsi kwa bedi. Zotsalazo ndiye zinali zathu, ndipo ankagawa mosaumira.

Chimene chinawachotsa m'mizere n'kuwalowetsa m'matumba anandiuza tsiku lina tikusefa limodzi. Ku Biwi, Fatsani adakali kumsana, ankalima ngati wina aliyense, kuseri kwa nyumba ya lendi. Zaka zitatu anathira manyowa pamalo amene poyamba panali pouma ngati bwalo la mpira, mpaka dothi linada. Chaka chachinayi, kutangotsala masabata atatu kuti mbatatesi ikhwime, eni nyumba anati m'bale wawo akuifuna nyumbayo, atuluke pakutha pa mwezi. Anambewe anapempha kuti adzabwere kudzakumba nthawi ikakwana, ndipo anawavomera. Atabwera ndi khasu ndi dengu anapeza mizere yonse itafukulidwa. Mkazi wa eni nyumba anaima pakhomo n'kuwauza, wopanda ndi manyazi omwe, kuti chomera m'dothi lawo ndi chawo.

"Ndinalira, amake Tadala," anatero, ponditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba monga ankachitira nthawi zonse. "Koma ndikulira choncho maso anali pansi. Anthu aja anakumba mwaulesi, mothamangira zazikulu. Ndinagwada n'kuyamba kupalasa ndi manja, mayi uja akundiyang'ana. Ndinapeza tisanu, tating'ono ngati maso a mbuzi. Zonse mukuonazi ndi zidzukulu za tisanu timeneto."

Tsiku limenelo analumbira kuti sadzasiyanso chawo m'dothi la mwini. Munda wawo uzikhala woti eni nyumba akangotsokomola, iwo aunyamule. Pamenepo ndinamvetsa chimene ankasefera dothi mpaka dzuwa kupendeka: ankadziwa bwino zimene wokumba waulesi amasiya.

Kwa zaka zambiri ankadzitonthoza kuti zitavuta, kumudzi mng'ono wawo akulimabe Kafiira. Mng'ono wawoyo atamwalira, Anambewe anakhala kumudziko masabata awiri, ndipo anayenda khomo ndi khomo kufunsa mbewu. Aliyense anali atasinthira ku mitundu ikuluikulu imene ogula a m'tauni amafuna. Anabwerako chimanjamanja. Mawa lake ndinawaona akudula zigubu zina zitatu, ndipo chakumadzulo anandiitana n'kundiika mbatatesi zisanu ndi imodzi m'manja. Anati mbewu yokhala nyumba imodzi ili pangozi.

Ine ndine uja wa phuma. Ndinaona kuti kudikira manyowa miyezi iwiri n'kutaya nthawi, ndipo makina anga osokera ankandidikira. Ndinapempha zitosi kwa a Msiska, zatsopano, zonyowa, n'kuzithira m'matumba awiri mowolowa manja, ndikuganiza kuti ndiwaposa eni ake. Mbewu zinamera ndithu, kenako masamba anayamba kupsa m'mphepete, ndipo pasanathe masabata awiri zonse zinagona. Anambewe anabwera, anapisa chala m'thumba, ananunkhiza. Ndinalakalaka akanangonditukwana.

"Mwaziphika zamoyo," anatero, n'kubwerera kwawo.

Chaka chotsatira anandipatsanso. Ndinakana, ndinati ndatanganidwa ndi kusoka mayunifolomu a ana a sukulu. Zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi, ndipo ndinkaopa kuphanso. Ndinkati nthawi ilipo, poti Anambewe anali munthu woti sungamuganizire zodwala.

Anadwala mu Okutobala, kukutentha, atakolola kale mbatatesi ya m'nyengo yozizira. Matumba onse anali atakhuthulidwa, atapindidwa bwinobwino, kudikira mvula. Ndiye kuti Kafiira yense amene ife tinkam'dziwa pa dziko lino anali m'dengu limodzi kunsi kwa bedi. Nditapita kukawaona kuchipatala masana ena ndi phala, anandigwira pamkono.

"Amake Tadala, dengu lija mukalitenge likakhale kwanu. Makiyi ali ndi Fatsani. Koma iyeyo sasiyanitsa mbewu ndi ndiwo."

"Aa, amayi, musayankhule choncho. Mutuluka, mudzadzala nokha mvula ikagwa."

"Ndamva. Koma mukalitenge."

Sindinakalitenge. Ndinaona ngati kutulutsa dengu m'nyumba ya munthu wogona m'chipatala n'kumulosera imfa. Ndinaganizanso za pakamwa pa anthu a pa puloti: taonani uyo, mwini wake akadali moyo wayamba kale kusamutsa katundu. Ndinati ndidikire tsiku loti Fatsani alipo, tidzatulutse anthu akuona. Patapita masiku awiri, chakumasana, uthenga unafika.

Zotsatira zake aliyense wa kuno akuzidziwa. Pakagwa maliro, katundu amatulutsidwa m'nyumba kuti amayi apeze pokhala. Abambo ananyamula bedi, mapoto, chikwama, zonse n'kuunjika panja. Ine ndinali uku ndi uku, kubwereka mabenchi, kuuza a mpingo, kulira. Za dengu sizinandidutse n'komwe m'mutu. M'mawa mwake ndinapita ndi amayi ena awiri kumochale kukawasambitsa ndi kuwaveka yunifolomu yawo ija. Pobwerako, dzuwa litakwera, mayi wina wa gulu lophika anandilandira ndi kapu ya tiyi ndi mbale.

"Khalani pansi mulaweko kanthu, mwatopa. Buledi anachepa, koma mwayi wake tinapeza timbatatesi m'dengu pakatundu paja. Koma kuvuta kusenda kwake! Tangowiritsa ndi makoko omwe."

Ndinayang'ana m'mbale. Zinali zitatu, zofiira, imodzi itang'ambika, chikasu chikuonekera.

"Mwaphika zonse?"

"Zonse. Anthu achuluka, mukuona nokha."

Sanalakwe mayi uja. Chakudya chopezeka m'nyumba ya maliro chimadyetsa olira. Ndi mmene timachitira, ndipo Anambewe eni ake anaphikapo motero m'maliro ambiri. Amayi ophikawo akanasenda, bwenzi nditatola makoko okhala ndi maso n'kuyesa kudzala. Ndinapita kumene ankaphikira, ndinasuzumira mumphika, ndinagwedeza dengu. Munali fumbi lokha.

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, mbale ili m'manja, kuti ndikalire kopanda anthu. Ndinapeza a Msiska ataima pafupi ndi mulu wa manyowa, atavala suti yakuda, nawonso mbale ili m'manja. Anali asanadye.

"Mwaizindikira, mama?" anandifunsa.

"Anandiuza kuti nditenge dengu. Sindinatenge."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine anandipatsa katatu."

Tinaima choncho. Kutsogolo amayi anali atayamba nyimbo. Kenako a Msiska anatola imodzi, anaiyang'ana mbali zonse ngati akuchonga kope la mwana wa sukulu, n'kunena kuti, "Tidye, mama. Tikataya tilakwa kawiri."

Tinadya chiimire. Ndinkafuna kuti iwawe, kuti ikanike kutsika kukhosi. Koma inali yokoma, yofumbutuka, monga mwa masiku onse. A Msiska anamaliza, anapukuta pakamwa ndi kansalu ka m'thumba, ndipo sananene kanthu za mchere.

Tinakawaika kwawo ku Dedza. Kumanda komweko, adzukulu akukwirira, ine ndinali kunong'oneza amayi a kumudzi kufunsa za Kafiira, ngati munthu wopanda mwambo. Mkulu wina anati dzinalo analimva kalekale, mayi ake ankalima, koma sakudziwa amene ali nayo lero. Ndafunsanso ogulitsa mbatatesi m'misika, aja amabwera ndi malole kuchokera kumapiri. Ena amaseka, ena amandionetsa yofiira ina yosalala, ya maso osalowa. Si imeneyo.

M'nyumba muja munalowa banja lina, anthu abwino, ndipo m'kampata muja anamangamo chingwe choyanikira zovala. Matumba anatengedwa ndi ogulitsa makala. Dothi lija Anambewe anasenza pamutu kuchokera kudambo, eni puloti anakwirira nalo dzenje la pageti, pamodzi ndi manyowa omwe. Zatsala ndi njerwa, zitatuzitatu ngati mafuwa, m'mizere iwiri yotsata mpanda, ndipo palibe amene waganiza zozichotsa. Pamwamba pa mpandawo pali malo amodzi osalala, pamene pankakhala thumba la Loweruka. A Msiska akuti Loweruka loyamba analikweza ndithu mwachizolowezi, ndipo linakhala pomwepo mpaka Lolemba, pamene anadzalitsitsa okha. Masiku ano amatsegula zenera lawo lonse, ndipo alibe wom'dandaulira.

Mvula yoyamba itagwa ndinayamba kupita kuseriko m'mawa uliwonse, ndisanakhale pa makina. Ndinkakumbukira za ku Biwi, za tisanu tija, ndikuti mwina kamodzi kanagubuduka pa lona, kanabisala pansi pa njerwa, kapena kanapita ndi dothi la pageti. Ndikadzutsa mutu ndinkapeza a Msiska akusuzumira pampanda, amvekere akuwerenga nkhuku. Chilichonse chobiriwira chikangotuluka ndinkachizunguliza timiyala kuti ana asachiponde. Panamera bonongwe. Panamera chisoso, ndi tomato mmodzi wosadziwika kochokera. Tinadikira mpaka mvula inatha, ndipo kutayamba kuzizira ndinagwada n'kupalasa malo onsewo ndi manja, njerwa iliyonse kuitembenuza, a Msiska akundiyang'ana.

Sindinapeze kanthu. Anambewe ankasefa bwino. M'dothi la mwini sanasiyemo ngakhale kamodzi.